Ndinafunsa Malume Tsiku Lobwerera

Tikiti ija inali ya amayi. Ndiyambire pomwepa, chifukwa kwathu ku Tsangano alipo anthu mpaka lero amene amakamba nkhaniyi ngati kuti ine ndinakhala pansi n'kuona kuti pa abale anga onse, amene ndawasowa kwambiri ndi malume. Bodza! Ndinali ndi pakati, mimba yoyamba, ndili ku Mangalande kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino, ndipo munthu amene mtima wanga unkamufuna anali mayi wondibereka. Ndinkafuna abwere adzalandire mdzukulu wawo m'manja akadali kakhanda, adzamusambitse, adzandikalipire kuti sindikumugwira bwino. Basi, n'zokhazo zimene ndinkapempha.

Amayi anavomera, koma mbatatesi zinali zisanakumbidwe. Bambo anatisiya kalekale, ndiye munda wonse unali pamutu pa iwo okha. Anati akakumba n'kukagulitsa ku Lizulu, anyamuka. Apa m'pamene malume analowererapo. Malume ndi mlongo wawo wa amayi, wamkulu, mwini mbumba yathu. Anasonkhanitsa abale pakhonde n'kunena kuti munthu wamkazi sangangodzuka ulendo wa kudziko la eni, mwini mbumba asanakaone kumene mwana akukhala ndi mmene mkamwini akumusungira. Iwo ayambe apita akalambule njira, akakhale masabata ochepa, akabwera mlongo wawo anyamuke.

Njira yanji yofuna kulambula? Ndege imasochera? Ndinakana pa foni mpaka mawu kusasa. Koma amuna anga ndi a ku Bwanje, anthu ofatsa, ozolowera kudikira madzi kuti afike m'munda mwawo mwa mpunga. Anati, "Akazi anga, wamkulu sakanizidwa. Asiyeni abwere. Tikayesetsa, tikiti ya amayi tidzaipezanso." Ndiye ndinasainira ine, ndi dzanja langali, kuti mlendoyu ndi wanga, adzadya kwanga, adzagona kwanga, ndipo tsiku lodindidwa m'pasipoti mwake lisanakwane adzakhala atabwerera kwawo.

Anafika atavala suti yobwereka, mikono ya jekete yolekeza pamwamba pa wotchi. Ndisaname, nditawaona pabwalo la ndege ndinalira. Ankanunkhira utsi wa kwathu. Ndinawagwadira pomwepo azungu akundilambalala ndi zikwama zawo, ndipo sindinachite manyazi. Tinawapatsa kachipinda kamene tinali titakonzera amayi ndi mwana, tinawagulira chijasi, nsapato zaubweya m'kati, chipewa. Masiku oyamba tinkapita nawo m'tauni, tinkawakweza sitima, iwo n'kumagwedeza mutu kuti azungu ali ndi nzeru koma mbatatesi zawo n'zamadzi, sizingagulidwe pa Lizulu ngakhale utaika mbasela. Tinkaseka. Mlendo akamanyoza zakudya za eni dziko amakoma.

Koma ku Mangalande kulibe khonde. Kumudzi mlendo amadzuka n'kupita kukazungulira, amakacheza kwa anansi, mumakumana pa chakudya. Kuja tinali anthu atatu m'kanyumba ka pamwamba, chimbudzi chimodzi, ndipo malume anasankha mpando wapakati wa pabalaza n'kukhazikikapo ndi rimoti m'manja. Kapu akamwera tiyi ankaisiya pansi pomwepo, pafupi ndi phazi. Mpope wa madzi otentha unali pamphuno pawo, koma madzi osamba m'manja ankafuna abwere m'beseni, wobweretsayo atagwada. Ine chimimba chili uko, miyendo yotupa, ndachokera kuntchito kumene ndaima tsiku lonse, ndizigwada pa kapeti ndi beseni. Kudzuka kwake ndinkachita kugwira tebulo. Iwo maso ali pa mpira.

Masabata ochepa aja anatha. Kumudzi amayi anakumba mbatatesi, anagulitsa, anasoketsa ndi chilundu chatsopano cha paulendo. Malume osatchula n'komwe za kubwerera.

Mwana anabadwa iwo ali pompo. Wamkazi. Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala ndinakwera masitepe pang'onopang'ono, ulusi umene anandisoka nawo ukukoka, amuna anga atanyamula mwana kumbuyo kwanga. Malume anasuzumira mu nsalu, anati, "Eya, mbumba yachuluka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Wabwera bwino, mwanawe. Shuga anatha dzana."

Ndinalowa m'bafa n'kutseka chitseko. Mwana wanga woyamba ndinamusambitsa ndekha, ndikuwerenga kapepala ka kuchipatala ngati sindine namwino, misozi ikugwera m'madzi. Pamene panayenera kukhala amayi panali bambo wofunsa shuga.

Kenako anapeza ganyu. Kutchalitchi anakumana ndi anyamata a kwathu konkuno amene ankatsuka magalimoto, ndipo anayamba kupita nawo. Ha! Munthu amene kumudzi khasu ankangolionera patali, amene ntchito yake pa Lizulu inali kuima pambali pa matumba a anthu ena n'kumaitanira madalaivala a malole, lero wasanduka wolimbika. Tinawauza kuti chiphaso chawo n'cha mlendo, sichilola ntchito. Anati, "Madzi ndi sopo n'ntchito imeneyo? N'kuthandizana." Anagula foni, anagula wailesi. Za ulendo, zii.

Tsono inu mukudziwa kuti kwathu mlendo safunsidwa kuti abwerera liti. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye umusamale akadalipo. Ukafuna kumukumbutsa kwawo umazungulira. Ndinazungulira ine, njira zonse zimene ndinaona amayi akuchita. Ndinati, "Malume, akuti mvula yayamba kugunda cha ku Mozambique, kaya kumunda kwanu akukugaulirani ndani?" Anati ana alipo. Ndinati, "Azakhali akusowani, dzulo pa foni amadandaula." Anati mkazi wodandaula ndiye wabwino. Ndinakagula nsalu za akazi awo, nsapato za ana awo, n'kuziika pabedi pawo. Anathokoza. Pomaliza ndinagula chisutikesi chachikulu, chamateyala, chimene ngakhale wakhungu akanamva kuti chikunena za ulendo. Malume anachisisita, anati n'cholimba, anaikamo zovala zawo n'kuchikankhira kunsi kwa bedi.

Tsiku la m'pasipoti linali likuyandikira. Ndinauza amuna anga kuti alankhule nawo, amuna okhaokha. Anagwira pakamwa. "Ine mkamwini ndifunse malume anu kuti achoka liti? Mukufuna ndikapondenso ku Tsangano?" Sindikuwaimba mlandu kwambiri, ulemu wa mkamwini ndi womwewo, koma tsiku limenelo ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano.

Ndiye ndinafunsa ndekha. Linali Loweruka m'mawa, malume akumwa tiyi. Ndinakhala pansi, osati pampando, mwana ali pamiyendo. Ndinayamba bwinobwino, kuwafotokozera kuti kuno tsiku likapitirira, mlandu sugwera mlendo yekha, umagweranso amene anamusainira, ndipo amayi akadzapempha chiphaso adzayang'ana dzina langa. Iwo ankangopemerera tiyi. Ndinaona kuti mawu anga akungodutsa. Basi ndinangoti, "Malume, kodi mubwerera liti?"

Anaika kapu pansi.

"Wati chiyani?"

"Ndati mubwerera liti, kuti amayi abwere."

"Iwe," anatero malume, "ndinakuperekeza ine kusekondale, katundu wako ali pamutu panga. Ukwati wako ndinaumanga ine. Lero wadya za azungu, ukundipirikitsa ngati galu wolowa m'khitchini?"

Analowa kuchipinda. Nkhomaliro anakana, mgonero anakana. Mawa lake anagula khadi la foni n'kuimba kumudzi. Masiku amenewo amayi analibe foni, munthu ukaimba unkaimbira pa golosale ina ya pa Tsangano, mwini wake n'kutuma munthu kukawaitana. Ndiye taganizani: amayi ayenda mtunda wonse uja, mtima uli m'mwamba kuti mwina mwana wadwala, afika pa golosale podzaza anthu ogula sopo ndi palafini, n'kumva mlongo wawo akukuwa m'foni kuti mwana wanu wandithamangitsa, sindinadye chiyambire dzulo, ndikafera kuno mudziwe wondipha. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Lizulu.

Amayi anandiimbira akulira. Anati, "Mwana wanga, wandivula. Ndiyenda bwanji pamudzi? Mlendo amafunsidwa zimenezo? Ndinakulera choncho ine?"

"Amayi, ndikuchitira inu! Tsiku likadutsa simubwera!"

"Usandichitire zamanyazi. Kawapepese alongo anga. Uwagwirire nkhuku, ugwade."

Ndinakuwa ine. Ndinati mwawaona malume anu okha, mdzukulu wanu simukumuwerengera? Koma amayi ndi munthu woti anakula akudziwa kuti mlongo ndiye mutu, ndiye adzakuike m'manda, ndiye adzaweruze za munda wako. Anangobwereza kuti nkhuku, ugwade.

Nkhuku yamoyo ndikanaipeza kuti m'tauni ya azungu? Ndinapita kusitolo, ndinatenga ya mufiriji, youma gwa, yokutidwa m'pulasitiki, yopanda mutu, yopanda mapazi. Ndinaiika m'mbale. Amuna anga anakhala ngati mboni. Ndinagwada pa kapeti paja, ine namwino wamkulu, mayi wa mwana, nditanyamula chinkhuku chozizira mpaka zala kuchita dzanzi, n'kunena kuti malume ndinalakwa, pakamwa panandithawa, mundikhululukire. Ndinkapepesa chiyani? Chilungamo?

Malume anaigogoda nkhuku ija ndi chala. Anati kwathu chipepeso chimabwera chikulira, koma poti kuno n'kwa eni alandira. Ndinapuma. Ndinati zatha, tsopano tikambe za ndege. Ndinali ndisanamve zenizeni.

"Ndakukhululukira," anatero. "Ndipo ndikuuze, ine ndinali nditaganiza kale zonyamuka mwezi uno. Koma tsopano sindingathe. Ndikapita pano, Tsangano yense adzati anamupirikitsadi, wabwera mchira uli pansi. Ndikhala kaye mpaka nkhaniyi izizire, kuti podzapita anthu adzaone kuti ndapita ndekha."

Amayo! Ndinayang'ana amuna anga, iwo anayang'ana pansi. Ndiye kuti ndikanakhala chete, sakanapita. Ndafunsa, sapita chifukwa ndafunsa. Anali ataganiza zonyamuka? Ndi sutikesi ili kunsi kwa bedi, ndi ganyu ya Lolemba atalonjeza kale? Bodza la mtundu umenewu limafuna munthu wopanda manyazi, ndipo malume analinena akutafuna chiwindi cha nkhuku yanga madzulo omwewo.

Tsiku lija linafika n'kudutsa. Ndinaliona likudutsa ndili kuntchito, ndikupereka mankhwala kwa nkhalamba za eni, ndikuzitembenuza, ndikuzipukuta, mayi wanga ali ku Tsangano ndi chilundu chake chatsopano m'bokosi. Ndinasiya kulankhula nawo malume kupatula moni. Beseni ndinasiya, ndinati mpope uli apo. Anakandineneza kumudzi, ndipo ulendo uno amayi ataimba sindinayankhe foni. Ena a kutchalitchi anandinong'oneza kuti ukhoza kungokawanenera kwa aboma, abwera kudzawatenga. Ndinaganizapo, sindibisa. Koma mlongo wa amayi anga atamangidwa unyolo chifukwa cha ine, amayiwo akanafa tsiku lomwelo. Malume ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ankagona tulo tabwino.

Mukudziwa chimene chinawachotsa? Si ine, si mwana, si mlongo wawo. Kunazizira, madzi otsukira magalimoto anang'amba zala zawo. Nthawi yomweyo kumudzi kampeni inali itayamba, ndipo wina anawauza pa foni kuti chipani china chikufuna munthu woima pa ukhansala, munthu woti anaona dziko. Basi m'mawa wina anangoti, "Mkamwini, kandifunsire za ndege, anthu anga akundifuna." Anthu awo! Mwana anali atayamba kukwawa. Miyezi yonseyo sanamunyamulepo ngakhale kamodzi, ati makanda amabzukula.

Pabwalo la ndege anawapatula, anawafunsa mafunso, analemba zimene analemba, n'kuwalola kukwera. Iwo anatibayibitsa mosangalala, sutikesi ikuguduzika kumbuyo.

Tinayambanso kusonkha za amayi. Ndinatumiza zonse zofunika. Amayi anakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, anagona kwa mwana wa mnzawo, anaima pamzere ku ofesi ya ziphaso atavala chilundu chija. Yankho linabwera lakuti ayi: munthu amene akukuitananiyu anaitanapo wina, ndipo winayo sanabwerere pa nthawi yake, tikhulupirira bwanji kuti inu mudzabwerera? Amayi anga, amene sangagone kwina masiku awiri osadandaula za mbuzi zawo! Tinayesanso chaka chotsatira. Yankho lomwelo.

Sindikwiyira a ku ofesi aja. Anafunsa funso lomwe ndinafunsa ine, kungoti iwo palibe anawauza kuti agwire nkhuku.

Malume ukhansala sanaupate, anagwa pa chisankho cha m'chipani momwe. Koma pa Lizulu anakhala munthu wotchuka. Ankaima pamsika atavala chijasi chija ngakhale mwezi wa Okutobala, akufotokozera anthu za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Za amayi akafunsidwa ankati azungu ndi ovuta, pamafunika munthu wodziwa kulankhula nawo. Mng'ono wanga anandiuza kuti amayi ankapita kunyumba kwa malume, n'kukhala pansi pakhonde, kuwafunsa kuti kodi mwanayo ndi wolemera, kodi amalira kwambiri, kodi tsitsi lake ndi lofewa. Malume ankayankha kuti ndi mwana basi, ngati ana onse.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinangomutenga mwanayo kupita naye. Funsani amene anakhalako kunja. Mapasipoti athu anakakhala ku ofesi nthawi yaitali tikuwonjezera chilolezo, kenako amuna anga ntchito inatha, kenako ine ndinadwala. Chaka chinkatha tikuti chaka chamawa. Pamene tinakwanitsa, mwana anali atayamba sukulu ya mkaka, wamtali, wolankhula Chingerezi chokhachokha, Chichewa akungodziwa "zikomo" ndi "bwera".

Titafika kwathu, tinatsika basi pa mphambano n'kukwera galimoto ya matola yopita ku Tsangano. Fumbi lake lomwe lija, mphepo yake yomwe ija yolowa m'mafupa. Amayi tinawapeza ataima panjira, anthu akuti akhala akuima pamenepo chiyambire m'mawa. Anali atachepa. Msana unali utapindika, dzanja limodzi lili pa ndodo. Anandikumbatira pang'ono chabe, maso ali pa mwana.

Pakhomo panadzaza anthu. Malume anali pampando pansi pa mtengo wa pichesi, akuuza anthu kuti mwanayu anabadwira m'manja mwawo. Ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi.

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yatsopano, yosachapidwapo, mizere yopindira ikuonekabe. Anasiya ndodo. Anawerama patsogolo pa mwana, n'kumati, "Bwera, agogo akubereke. Bwera, mayi wanga." Mwana anandigwira siketi. Ndinamunyengerera, ndinamunyamula n'kumuika pamsana pawo. Amayi anaponya nsalu, anayesa kumanga, anayesa kuweramuka. Mawondo anakana. Anayesanso, mwana anayamba kukuwa, akumenya miyendo, akuitana ine m'Chingerezi kuti ndimuchotse. Onse awiri anapendekera kumbali, mng'ono wanga n'kuwagwira asanagwe.

Anthu anaseka, kuseka kwabwino kofuna kuphimba manyazi. Malume anaseka kuposa onse, anati, "Achemwali, chimwana chonsechi? Mukanabereka kale!"

Ndinatembenuka. Mawu onse amene ndinawasunga zaka zonsezo anafika pakamwa, ndipo ndikanawalavula pamaso pa mudzi wonse, andichotse mumbumba ngati akufuna. Koma amayi anandigwira mwendo. Anali atakhala pansi pa fumbi, akupuma movutika, nsalu ili pamiyendo.

"Usatero," anatero motsitsa mawu. "Musiye mwanayo, sakundidziwa. Ndachedwa ine."

Anayamba kuipinda nsalu ija, motsatira mizere yake yakale.